Khofi wozizira wa fungo lokoma: chifukwa chake amasukuluka ndi momwe mungamukonzere kunyumba

Munthu akamayesa koyamba kupanga khofi wozizira kunyumba, kawirikawiri amachita zimene zikuoneka zanzeru. Amakonza khofi monga mwa masiku onse, amathira mu tambula yodzaza ndi ayezi, amaonjezera shuga ndi mkaka, n'kutakasa. Pasanathe mphindi zochepa ayezi wasungunuka theka, khofi wasanduka wamadzimadzi, fungo lathawa, ndipo shuga wangokhala pansi pa tambula osasungunuka. Zikatere ambiri amadandaula kuti anagula khofi wosakhala bwino, kapena kuti alibe makina odula aja. Koma gwero la vuto ndi kuzizira kwenikweniko. Kumathira madzi mu chakumwa, kumagonetsa lilime ndi mphuno, komanso kumachedwetsa shuga kusungunuka. Wodziwa zinthu zitatuzi amayambira pa ayezi kuwerengera zonse, ndipo khofi, shuga ndi zonunkhiritsa amazikonza moganizira kuti zikakathera m'madzi ozizira.

Tiyambe ndi ayezi, chifukwa nkhani yake ndi ya masamu osakanika. Ayezi amaziziritsa chakumwa posungunuka. Kuti galamu imodzi ya ayezi isanduke madzi, imameza mphamvu ya kutentha yokwana ma joule 334, pamene galamu imodzi ya madzi imataya ma joule 4.18 okha ikatsika ndi digiri imodzi. Mukagawa manambala awiriwa mupeza 80. Ndiye kuti khofi wolemera magalamu 100 amene ali pa madigiri 80 adzasungunula ayezi wolemera pafupifupi magalamu 100 kuti afike pa madigiri 0. Kapu imodzi ya khofi wotentha imasanduka makapu awiri a khofi wozizira, ndipo kapu yachiwiriyo ndi madzi okhaokha. Palibe tambula, supuni kapena luso la manja limene lingazembe lamuloli. Chimene mungachite ndi kuwerengera madzi amenewo musanayambe n'komwe.

Khofi wotentha wabwinobwino amakonzedwa ndi magalamu pafupifupi 55 mpaka 60 a khofi wopera pa lita imodzi ya madzi, ndipo madziwo amakhala pakati pa madigiri 90 ndi 96, atangophulidwa pamoto n'kudikira pang'ono. Pokonza wozizira, muyezo wa khofi umakhala womwewo, koma gawo lina la madzi limalowa ngati ayezi. Tengani magalamu 30 a khofi wopera. M'malo mothira magalamu 500 a madzi otentha, thirani 300 okha, ndipo 200 otsalawo akhale ayezi amene mwaika kale mu jagi pansi pa sefa. Khofi akamadontha amagwera pa ayezi n'kuzizira nthawi yomweyo. Pomaliza ayezi amakhala atasungunuka pafupifupi yense, khofi wazizira, ndipo mphamvu yake yafika pamene imayenera kufika. Njirayi inatchuka kuchokera ku Japan, ndipo kwa ine ndi imene imasunga bwino fungo la khofi kuposa zina zonse. Popeza madzi otentha ndi ochepa, perani khofi mosalala pang'ono kuposa masiku onse, ndipo thirani madzi pang'onopang'ono mozungulira kuti ufa wonse unyowe. Poyamba thirani ongokwanira kunyowetsa, dikirani theka la mphindi mpaka ufa utafufuma n'kutulutsa mpweya, kenako pitirizani.

Wina angafunse kuti bwanji osangosiya khofi azizire yekha patebulo, kenako n'kumuika mufiriji. Zimatheka, ndipo ambiri amatero. Koma khofi akakhala wotentha kapena wofunda nthawi yaitali, zonunkhira zake zimauluka ndi nthunzi, mpweya umayamba kumusintha, ndipo kukoma kwake kumapita kowawasa ndi kowawa. Ngati mwasankha njira imeneyi, mukonzeni wamphamvu, mumuthire mu botolo lotsekeka bwino, muviike botololo m'madzi ozizira kuti kutentha kuchoke msanga, ndiye alowe mufiriji.

Pali njira ina yosafuna moto n'komwe, imene m'malo ogulitsira khofi amaitcha cold brew. Khofi woperedwa mokhakhala amaviikidwa m'madzi ozizira kwa maola 12 mpaka 24, kenako n'kusefedwa. Madzi ozizira amatulutsa zinthu mu khofi pang'onopang'ono, n'chifukwa chake nthawi imatalika chonchi. Ambiri amaviika magalamu 100 a khofi m'madzi okwana mamililita 500 mpaka 800, ndipo chotulukacho chimakhala cholimba kwambiri moti chimafunika kusukulutsa ndi madzi, mkaka kapena ayezi musanamwe. Sefani kawiri, koyamba ndi sefa wamba kenako ndi pepala losefera khofi kapena kansalu koyera, chifukwa nsenga zikatsala zimapitiriza kuwawitsa khofi mu botolo. Khofi wotere amamveka wofewa pakamwa, wopendekera ku chokoleti, ndipo amagwirizana kwambiri ndi mkaka. Anthu amakonda kunena kuti alibe asidi, koma mawuwo ndi okokomeza. Mu 2018, Niny Rao ndi Megan Fuller a ku Thomas Jefferson University ku Philadelphia anayerekeza khofi woviika m'madzi ozizira ndi wothira madzi otentha, ndipo anapeza kuti pH (muyezo wa kuwawasa kwa asidi, umene nambala yake imatsika kuwawasa kukamakula) ya onse awiri inali yoyandikana, pakati pa 4.85 ndi 5.13, ngakhale kuti wotenthayo anali ndi ma asidi ochulukirapo mukawawerengera onse pamodzi. Choncho wodwala chilungulira asathamangire kukhulupirira kuti wapeza mankhwala. Chinanso chofunika kukumbukira n'chakuti khofiyu sanadutse pamoto woti n'kupha tizilombo. Botolo likhale loyera, muviikeni mufiriji, ndipo mummalize m'masiku ochepa.

Amene ali ndi khofi wosungunuka uja wa m'botolo kapena m'timapaketi asadzione ngati wotsalira. Chimodzi mwa zakumwa zozizira zodziwika kwambiri, frappé ya ku Greece, chimapangidwa ndi khofi ameneyu. Mbiri yake imati mu 1957, pa chionetsero cha zamalonda ku Thessaloniki, Dimitris Vakondios, yemwe ankagwira ntchito yokhudza malonda a Nestlé, anasowa madzi otentha ndipo anakhutchumula khofi ndi madzi ozizira m'chiwiya chotsekeka. Khofi wosungunuka wa mtundu umenewu ali ndi mafuta ochepa kwambiri, ndipo mafuta ndi amene amaphwetsa thovu, ndiye thovu lake limakhala lochindikala ndiponso lokhalitsa. Masupuni aang'ono awiri a khofi, shuga, ndi madzi ozizira masupuni aakulu awiri kapena atatu, mu botolo la chivundikiro cholimba, n'kukhutchumula mwamphamvu theka la mphindi, basi thovu labulauni ladzaza. Khofi wa dalgona amene anafala pa intaneti mu 2020 amadalira khalidwe lomweli: khofi, shuga ndi madzi otentha pa muyezo wofanana, n'kumenya mpaka zitalimba, kenako kuika pamwamba pa mkaka wozizira. Ku Vietnam anathetsa nkhani ya kusukuluka mwa njira yawo. Amadonthetsa khofi wa mtundu wa robusta wolimba kwambiri kudzera m'kasefa kachitsulo kotchedwa phin, kugwera pa mkaka wa m'chitini wokhuthala wothira shuga, kenako amatakasa n'kuthira pa ayezi. Khofi ndi wowawa mopyola, mkaka ndi wotsekemera mopyola, ndipo ayezi akasungunuka zonse zimafika pakatikati.

Tsopano za lilime ndi mphuno. Mbali yaikulu ya chimene timati kukoma kwa khofi ndi fungo limene limakwera kuchokera kukamwa kupita kumphuno tikamameza. Zinthu zonunkhira zimauluka mosavuta zikatentha, ndipo zikazizira zimakakamira m'madzi. Lilime nalonso limagona likazizidwa. Kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya sayansi ya Nature mu 2005 anaonetsa kuti kanjira kena ka m'maselo a lilime, kotchedwa TRPM5, kamene kamathandiza kutumiza uthenga wa kutsekemera ku ubongo, kamagwira ntchito mwamphamvu kukatentha ndipo kamafooka kukazizira. Ichi n'chifukwa chake ayisikilimu wosungunuka amatsekemera mpaka kukola, pamene ali wolimba ankamveka bwinobwino. Ndiye ngati mulawa khofi wanu akadali wofunda n'kuona kuti zonse zakolera, dziwani kuti akazizira adzamveka wopelewera. Kulawa komaliza kuchitike chakumwa chitazizira kale.

Shuga wa mibulu sakana kusungunuka m'madzi ozizira. Ngakhale pa madigiri 0, mamililita 100 a madzi angathe kusungunula shuga woposa magalamu 170. Vuto ndi nthawi: m'madzi ozizira amasungunuka pang'onopang'ono kwambiri, ndipo ayezi sadikira. Yankho lake ndi kusungunuliratu shuga pamoto n'kupanga manyuchi opepuka. Magalamu 100 a shuga ndi magalamu 100 a madzi mu kapoto, pamoto wochepa, kutakasa mpaka madzi ayere mbee osaonekanso kambulu kalikonse. Sipafunika kuwiritsa nthawi yaitali. Akazizira, athireni mu botolo loyera ndi kusunga mufiriji, momwe angakhale milungu itatu kapena inayi. Mukaona kuti ayamba kuchita mitambo kapena nkhungu, atayeni. Manyuchi okhala ndi magawo awiri a shuga pa gawo limodzi la madzi amakhalitsa kuposa apa, ndipo amathira madzi ochepa mu khofi.

Manyuchiwa ndiwonso khomo limene fungo lina lililonse limalowera mu khofi wozizira. Apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni ya khofi wonunkhiritsa, chifukwa zonunkhiritsa zambiri sizitulutsa fungo m'madzi ozizira, koma zimatulutsa mosavuta m'madzi otentha a shuga, ndipo shugayo amalinyamula n'kulifalitsa mu tambula yonse.

Vanila ndiye amakondedwa kwambiri, ndipo pali chifukwa. Fungo lake limachititsa ubongo kuganiza kuti chakumwa n'chotsekemera kuposa momwe chilili, motero mukhoza kuchepetsa shuga osadandaula. Vanila weniweni ndi chipatso chachitali chonga chitheba cha chomera chotchedwa Vanilla planifolia, chochokera ku Mexico. Kwa zaka zambiri chomerachi chinkakana kubereka kunja kwa kwawo, mpaka mu 1841 pamene Edmond Albius, mnyamata wa zaka 12 amene anali kapolo pa chilumba cha Réunion, anapeza njira yachangu yoberekeketsa duwa lake ndi manja. Mpaka lero alimi a ku Madagascar, dziko limene limatulutsa vanila wambiri padziko lonse, amagwira duwa limodzi limodzi ndi kamtengo kakang'ono, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene vanila weniweni amadulira. Ngati mwapeza chitheba, ching'ambeni motalika, palani timbewu takuda ta m'kati ndi mpeni, ndipo ikani timbewuto ndi khungu lomwe m'manyuchi otentha, n'kuvundikira mpaka azizire. Ngati muli ndi vanila wamadzi wa m'kabotolo, dikirani manyuchi achoke pamoto n'kuzizirako musanathire, chifukwa fungo lake limauluka ndi nthunzi. Supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri pa kapu ya manyuchi ndi zokwanira. Vanila wopangidwa m'fakitale ali ndi vanillin, chinthu chachikulu chimene chimanunkhira mu vanila weniweni, ndipo mu khofi wamkaka wozizira ndi anthu ochepa amene angasiyanitse. Ine sindiona chifukwa chomunyozera.

Karamelo ndi shuga wopsereza mwadala. Shuga akafika pa madigiri pafupifupi 160 amasungunuka n'kuyamba kusintha mtundu, kuchoka pa woyera kupita pa wachikasu, kenako wofiirira, ndipo fungo lake limanka likuzama pamene kutsekemera kukuchepa. Ikani shuga mu poto wa pansi pochindikala ndi madzi ochepa ongonyowetsa, ndipo akayamba kuwira musatakase, ingopendeketsani poto uku ndi uku. Mudzaona m'mphepete mukuyamba kufiira, thovu likuchepa n'kukhala lolemera, kenako kafungo kakupsa kakuyamba kumveka. Pakati pa karamelo wokoma ndi shuga wopserera wowawa pali masekondi ochepa chabe, ndiye musachoke pamoto. Mtundu ukafika pa bulauni wowala, phulani poto ndi kuthira madzi otentha pang'onopang'ono, mutatalikitsa nkhope ndi dzanja, chifukwa amathovoka n'kulavula mwaukali. Shuga wotentha chonchi amamatirira pakhungu ndipo amawotcha kuposa madzi owira, choncho ana asayandikire. Bwezerani pamoto wochepa kuti zolimba zisungunuke. Pa khofi wozizira, karamelo wa madzi otereyu ndi wabwino kuposa wa batala ndi kirimu, amene akakumana ndi ayezi amalimba n'kumatirira m'mbali mwa tambula.

Ufa wa koko uli ndi mafuta, ndiye ukathiridwa pa chakumwa chozizira umangoyandama n'kupanga timibulu touma m'kati. Usakanizeni kaye ndi shuga, thirani madzi otentha pang'ono kapena khofi wotentha, takasani mpaka phala lake lisalale, ndiye lilowe mu tambula. Sinamoni wa ufa ndi wovuta koposa: sasungunuka konse, amakanda pakhosi, ndipo akakhalitsa m'madzi amachita nanda. Gwiritsani ntchito timitengo take, tiwiri kapena titatu, tiwire pang'ono m'manyuchi kwa mphindi 10, tisiyeni momwemo mpaka azizire, kenako sefani. Kadamamu wophwanya, jinja wodula mopyapyala ndi khungu la lalanje zimayenda njira yomweyo, kungoti pa lalanje tengani khungu lakunja lokha, popeza choyera cha m'kati chimawawa. Masamba a minti safuna kuwiritsa. Aikeni manyuchi atachoka pamoto ndipo muwachotse pakatha mphindi 20 kapena 30.

Malangizo anga ndi akuti muyambe ndi fungo limodzi. Vanila, karamelo ndi sinamoni zikalowa pamodzi mu tambula imodzi, khofi amasowa, ndipo chotsala ndi mkaka wotsekemera wabulauni. Mtundu wa khofi nawonso uli ndi mbali yake. Wokazinga mpaka kuda amalimbana bwino ndi mkaka, karamelo ndi koko. Wokazinga pang'ono amakhala wowawasira ngati chipatso, ndipo amakoma ndi khungu la lalanje popanda mkaka.

Mkaka umafewetsa kuwawa chifukwa cha mafuta ndi mapuloteni ake, koma nawonso ndi madzi ambiri, ndiye muuwerengere pamodzi ndi ayezi. Ngati theka la tambula lidzakhala mkaka, khofi akhale wolimba kawiri, ngati wa espresso (wopangidwa ndi makina okankha madzi otentha mwamphamvu), wa kapoto ka moka (kophikira khofi wolimba pamoto), kapena woviika uja musanamusukulutse. Nthawi zina mkaka umagawikana n'kuchita timibulu toyera. Puloteni yaikulu ya mumkaka, casein, imagwirana pH ikatsikira ku 4.6, ndipo khofi, monga taonera, ali kale pafupi ndi 5. Mkaka watsopano umapirira, koma umene wayamba kusasa, kapena mukaonjezera manyuchi a zipatso zowawasa monga mandimu, malirewo amadutsika. Mkaka wa soya umagawikana msanga, makamaka ukakumana ndi khofi wotentha. Ziziritsani khofi kaye, mkaka ubwere pambuyo.

Kamchere kochepetsetsa, kongotsina ndi nsonga za zala, kamathandiza kwambiri. Mchere umaphimba kuwawa palilime, ndipo kuwawa kukachepa kutsekemera kumamveka bwino. Ukamveka kuti muli mchere ndiye kuti wachuluka. Malo ake abwino ndi m'manyuchi a karamelo kapena a koko.

Posonkhanitsa zonse, ndondomeko ili ndi ntchito. Manyuchi alowe kaye pansi pa tambula, supuni yaikulu imodzi, kenako khofi wozizira kale, ndipo mutakase bwino ayezi asanalowe. Dzazani ayezi mpaka pamwamba. Anthu ambiri amaopa kuti ayezi wochuluka asukulutsa khofi, ndiye amaponyamo tizidutswa tiwiri tokha, koma tiwirito timasungunuka tonse chakumwa chisanazizire mokwanira. Ayezi wodzaza amatsitsa chakumwa kufika pafupi ndi madigiri 0 mwachangu, ndipo pamenepo kusungunuka kumachedwa. Pomaliza thirani mkaka pang'onopang'ono pamwamba pa ayezi. Mudzauona ukutsika m'mizere yoyera pakati pa khofi wakuda, ukupindika m'mipata ya ayezi usanasakanikirane. Takasani, lawani, ndipo ngati pakufunika onjezerani manyuchi pang'ono. Khofi wotentha musamuthire mu tambula yagalasi yopyapyala yokhala ndi ayezi, chifukwa ingathe kusweka.

Ayezi akhale wolimba ndi wouma, wochokera mufiriji nthawi yomweyo. Amene wakhala pambale n'kuyamba kunyezimira amabwera ndi madzi ake. Zidutswa zazikulu zimasungunuka mochedwa kuposa ayezi wophwanyaphwanya, motero ndi zabwino kwa womwa pang'onopang'ono. Ayezi amakoka fungo la zakudya zina za mufiriji, choncho muzimuvundikira, ndipo madzi ake akhale aukhondo oti mungamwe. Amene safuna kusukuluka ngakhale pang'ono angathe kuumitsa khofi wotsala m'timathireyi ta ayezi, kuti zidutswazo zikamasungunuka zizithira khofi m'malo mwa madzi. Koma zikatero khofi wa mu tambula asakhale wolimba kwambiri, popeza palibenso madzi odzamusukulutsa.

Chakumwa chozizira chotsekemera chimatsika msanga pakhosi kuposa chotentha, ndipo munthu amapezeka wamwa matambula awiri osazindikira. Supuni yaikulu imodzi ya manyuchi a muyezo wofanana ili ndi shuga pafupifupi magalamu 9. Bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira asafike pa magawo 10 pa 100 alionse a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku, omwe kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50, ndipo linati kutsika mpaka magalamu 25 kuli bwino koposa. Masupuni atatu a manyuchi apyola kale 25 ameneyo. Pa kafeini, bungwe loona za chakudya ku Ulaya la EFSA linanena chaka chomwecho kuti munthu wamkulu wathanzi angamwe mpaka mamiligalamu 400 pa tsiku, ndipo mayi woyembekezera asapyole 200. Khofi wa mtundu wa arabica ali ndi kafeini pafupifupi 1.2 peresenti ya kulemera kwake, pamene robusta ali ndi wochuluka pafupifupi kawiri. Ndiye magalamu 30 a arabica aja ali ndi mamiligalamu oposa 300, ndipo ambiri mwa iwo amatulukira mu jagi, imene ndi ya matambula awiri. Khofi woviika m'madzi ozizira akamwedwa osasukulutsa amapyola pamenepa. Thupi limatenga maola pafupifupi 5 kuti lichotse theka la kafeini amene mwamwa, choncho tambula ya madzulo ikhale ya khofi wochotsedwa kafeini, amene amalandira manyuchi, mkaka ndi ayezi pa miyezo yomweyi.